Malamba a mphira pagulu: akamaduka, akamaterereka, kapena anthu akasiya kulimba

Gulu la anthu 15 kapena 20 likamachita masewera olimbitsa thupi ndi malamba a mphira, madandaulo amene amafika kwa wotsogolera sasintha kwenikweni. Lamba waduka n'kukwapula wina pantchafu. Anthu awiri atenga malamba ofiira, mmodzi akuti wake ndi wofewa moti sakumva kanthu, mnzakeyo akulephera kufika maulendo 8. Kalamba kozungulira kakupindika n'kumatsina khungu. Pakatha miyezi ingapo ena amayamba kufunsa ngati malambawa amalimbitsadi thupi, poti sakuona kusintha.

Ambiri mwa mavutowa gwero lake ndi limodzi. Chitsulo cha makilogalamu 5 chimalemera chimodzimodzi kaya wanyamula ndani, kaya chili pansi kapena pamwamba pa mutu. Lamba alibe kulemera kokhazikika. Akatamuka pang'ono amakoka pang'ono, akatamuka kwambiri amakoka kwambiri, mpaka kufika poduka. Ndiye wotsogolera akanena kuti aliyense atenge wofiira, asaganize kuti wagawa ntchito yofanana. Munthu wa masentimita 185 akaponda lamba n'kumukankhira pamwamba pa mutu amamutamula kwambiri kuposa wa masentimita 155 amene wachita zomwezo ndi lamba yemweyo. Pa vuto lililonse limene likubwera m'munsimu, yambani ndi kuyang'ana kuti lambayo akutamuka kuchokera pati kufika pati.

Lamba akaduka

Poyamba onani munthu, lambayo mumuona pambuyo. Lamba wotamuka akaduka kapena akapulumuka amabwerera ngati legeni, ndipo akapeza diso amavulaza zenizeni. Madokotala a maso amalandira anthu otere, ena magazi atadzaza kutsogolo kwa diso, ena kachikopa ka kumbuyo kwa diso kamene kamatithandiza kuona katang'ambika kapena kumatuka. Wamenyedwa m'diso asatikite, asapitirize masewera, apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale ululu utachepa. Akamaona zinthu mwachimbuuzi, akamaona tinthu tong'anima kapena timadontho toyandama, kapena mbali ina ya diso ikada, palibenso zodikira kuti kalasi ithe.

Munthu akakhala kuti ali bwino, musataye zidutswazo msanga. Malo amene lamba wadukira amanena chimene chamudula.

Akadukira pakati, pamene anthu amapondapo, vuto ndi nsapato kapena pansi. Timiyala tokanirira kunsi kwa nsapato, simenti yokhakhala ndi phula zimakanda mphira pang'onopang'ono, ndipo kokandikako ndi kumene mng'alu umayambira. Yalani mati kapena kapeti, ndipo anthu azipukuta kunsi kwa nsapato asanaponde. Lamba wachubu akadukira pafupi ndi chogwirira, dziwani kuti pamenepo ndi pamene machubu ambiri amayambira kutha, chifukwa ndi pamene amapindika ndi kufinyika ulendo uliwonse. Poyendera malamba anthu amakonda kuyang'ana pakati n'kuiwala pamenepa. Akadukira pomwe anamangiriridwa, gwirani ndi chala chitsulo kapena mzati umene munakolekapo. Mupeza kona yakuthwa, dzimbiri, kapena chitsulo chowotcherera chimene sichinasalazidwe. Kulungani thaulo pamenepo kapena gwiritsani ntchito chokolekera chansalu, kuti mphira asakhudzane ndi chitsulo. Mfundo yomangidwa molimba nayonso imafooketsa lamba pamalo ake omwewo.

Nthawi zina mukatamula kachidutswa kotsalako mumaona timing'alu tambirimbiri, mtundu utatuwa, kapena lamba akumata m'manja. Ameneyo wakalamba, ndipo anzake amene anagulidwa naye limodzi n'kusungidwa malo amodzi ali m'njira yomweyo. Malamba ambiri amapangidwa ndi latex, utomoni wa mtengo wa mphira, umene umaonongeka ndi dzuwa, kutentha, mafuta odzola ndi mankhwala a chlorine. Chikwama cha malamba chosiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa, kapena malamba oyanikidwa pachingwe masana atatsukidwa, amakalamba mofulumira kuposa ogwiritsidwa ntchito tsiku lililonse koma n'kusungidwa pamthunzi. Atsukeni ndi madzi ndi sopo wofatsa, muwatsukuluze, aume pamthunzi asanalowe m'chikwama. Bulichi asawakhudze. Anthu amene adzola mafuta m'manja asambe kaye.

Chovuta kumvetsa ndi lamba watsopano amene waduka wopanda mng'alu uliwonse. Pamenepa anthu amathamangira kunena kuti anagula achinyengo. Zimachitika, koma kawirikawiri chimakhala chikhadabo, mphete, kapena kutamula mopitirira muyeso. Kampani ya TheraBand, imene malamba ake amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zipatala zothandiza anthu kuyambanso kuyenda ndi kugwira ntchito, imalangiza kuti lamba asatamulidwe kupitirira katatu kutalika kwake. Wa masentimita 30 asapyole 90. Pamene ambiri amasokonezeka ndi poyeza. Kutalika koyenera kuwerenga ndi kwa gawo limene likugwira ntchito, kuchokera pamene lamba wapondedwa kapena kumangiriridwa kufika pamene dzanja lagwira, osati lamba yense. Munthu akhoza kukhala ndi lamba wa mamita awiri, koma ngati wagwira pafupi ndi phazi n'kusiya masentimita 40 okha, kenaka n'kukweza dzanja kufika paphewa, kagawo kameneko katamuka kupitirira katatu pomwe mbali yotsalayo ikungolendewera.

Izi zimachitika kwambiri pagulu chifukwa cha langizo limene otsogolera amakonda kupereka: ngati ndi wofewa, gwirani pafupi. Langizoli ndi loona, koma lili ndi malire. Kufupikitsa pang'ono n'kwabwino. Munthu akafika pokulunga lamba kawiri katatu kudzanja kuti amve kulemera, mpatseni wokhuthala. Malamba owonda, achikasu ndi ofiira, amaduka kuposa ena m'magulu ambiri chifukwa amagwera m'manja mwa anthu amphamvu pamene malamba okhuthala aja atha m'chikwama.

Chizolowezi chimodzi chimachepetsa kwambiri ngozi zotere. Kalasi isanayambe, aliyense ayendere lamba wake. Amugwire cha m'chiuno, kutali ndi nkhope, n'kumatamula kagawo kakang'ono kamodzikamodzi kuyambira nsonga ina kufika ina. Timing'alu sitioneka lamba akakhala chabe, timatseguka akatamuka. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi. Wopezeka ndi mng'alu, kaya ndi waung'ono bwanji m'mphepete, mumudule ndi sizasi pomwepo. Mukangomuika pambali, mawa wina amubwezera m'chikwama. Kumanga mfundo pamene padaduka kapena kumatapo tepi n'kungosunga ngozi kuti ichitike tsiku lina. Muzisinthanso malamba a pamwamba ndi a pansi pa chikwama, chifukwa a pamwamba amagwira ntchito kalasi iliyonse pomwe a pansi akungokhala.

Ngakhale mutasamala chotani, tsiku lina lamba adzadukabe, choncho kaimidwe ka anthu kakhale koti akaduka asapeze nkhope. Pasakhale munthu woima kumbuyo kwa chokolekera kapena kutsogolo kwa mnzake mumzere umene lamba akukokedwa. Masewera okokera lamba molunjika kumaso, monga face pull, ine ndimaona kuti sayenera kuchitidwa ndi gulu lalikulu la ongoyamba kumene. Pali njira zina zolimbitsira kumbuyo kwa mapewa, monga kutambasula lamba patsogolo pa chifuwa manja ali owongoka. Ngati mukugula atsopano, machubu okutidwa ndi nsalu amathandiza, popeza akaduka zidutswa zimatsalira m'kati mwa nsaluyo. Kuipa kwake n'kwakuti simungaone ming'alu, ndiye muziwasintha mukamva kuti ayamba kufewa.

Mtundu umodzi, kulemera kosiyana

Palibe lamulo limene limakakamiza makampani onse kugwiritsa ntchito mitundu mofanana. Kwa TheraBand, kulimba kumakwera kuchoka pa wachikasu kupita pa wofiira, wobiriwira, wabuluu, wakuda, wasiliva mpaka wagolide, ndipo kuyambira wachikasu kufika wakuda aliyense amaposa mnzake ndi pafupifupi 25 peresenti. Kampani ina wofiira ndiye wofewa kwambiri, ina wobiriwira ndi wolimba kuposa wakuda. Malamba aatali ozungulira, aja otalika pafupifupi masentimita 104, kulimba kwawo kumadziwika bwino ndi kukula kwa m'lifupi kusiyana ndi mtundu. Chikwama cha gulu chimene chadzazidwa pang'onopang'ono kuchokera kumakampani osiyana chimakhala chosokonekera, ndipo mawu akuti "tengani wofiira" satanthauza kanthu.

Ayezeni nokha kamodzi. Kolekani lamba aliyense pamalo amodzi, musiye kutalika kofanana, mwachitsanzo theka la mita, mumangirire chinthu chimodzi cholemera makilogalamu awiri, n'kuona pamene watsikira. Ngati muli ndi kasikelo koyezera zikwama zapaulendo, kolowekani lamba n'kumukoka kufika kawiri kutalika kwake, muwerenge nambala. Kenaka agaweni m'milu itatu kapena inayi malinga ndi zimene mwapeza, mulu uliwonse chikwama chake. Mudzadabwa kupeza malamba awiri a kampani imodzi, mtundu umodzi, akusiyana ndithu chifukwa wina ndi wakale. Lamba amafewa akamagwiritsidwa ntchito.

Kugawa malamba bwino kumathetsa theka la vutoli. Theka linalo ndi matupi a anthu. Kuwerengera gulu lonse maulendo 12 kumachititsa kuti wamphamvu amalize asanatuluke n'thukuta lomwe, pomwe wofooka akuyamba kupotoza msana paulendo wa 8. Njira yabwino ndi kuwaphunzitsa kumva okha. Auzeni kuti pomaliza seti, kutanthauza maulendo ochitidwa motsatizana osapumula, azikhala atatsala ndi mphamvu ya maulendo awiri kapena atatu okha ochita bwinobwino. Amene akumva kuti akanapitiriza ena 10, lamba wake ndi wofewa. Amene walephera kufika kumapeto, wake ndi wolimba. Ena amagwiritsa ntchito muyeso wa 0 mpaka 10 wa mmene munthu akumvera kutopa, n'kumafuna kuti seti izithera pa 7 kapena 8. Kugwira ntchito ndi nthawi, monga masekondi 40, kumathandizanso pagulu losakanikirana chifukwa palibe amene amaoneka kuti watsalira.

Palinso manyazi, amene muyeso uliwonse sungawathetse. Munthu amatenga lamba wakuda chifukwa woyandikana naye watenga wakuda. Mukamuuza pamaso pa onse kuti asinthe, sabata yamawa mwina sabweranso. Chimene chimagwira ntchito ndi kuti aliyense aziyamba kalasi ali ndi malamba awiri pambali pake, wofewa ndi wolimba, ndipo inuyo muzisintha anu poyera pochoka pa masewera a miyendo kupita a mapewa. Kusintha kukakhala chinthu chimene aliyense amachita, palibe amene amayang'ana mnzake.

Poyamba palibe kanthu, pomaliza sizikutheka

Dandauloli limamveka makamaka pa masewera okokera lamba kumimba ndi okweza manja m'mbali. Munthu amayamba lamba ali lende, theka la ulendo limadutsa popanda ntchito, kenaka kumapeto lamba amalimba mwadzidzidzi ndipo munthu amamaliza ndi kugwedeza thupi lonse.

Pali zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti lamba sanakungike poyambira. Asanayambe ulendo woyamba, munthu abwerere m'mbuyo kapena afupikitse pang'ono mpaka amve kuti lamba wayamba kale kukoka. Chachiwiri ndi mmene thupi linapangidwira. Ponjuta n'kudzuka, kapena pokankha chinthu kuchoka pachifuwa, munthu amakhala ndi mphamvu zambiri kumapeto, mawondo kapena zigongono zikamawongoka, ndipo ndi pomwenso lamba amalimba. Apa lamba ndi thupi zimagwirizana. Pokoka zimatembenuka: zigongono zikafika kumbuyo munthu amakhala wofooka, koma lamba ndiye wafika pachimake. N'chifukwa chake lamba woyenera ponjuta n'kudzuka (squat) amakhala wolakwika pokokera kumimba (row).

Chothandiza ndi lamba wautali. Tiyerekeze kuti dzanja likuyenda masentimita 50. Ngati gawo logwira ntchito ndi la masentimita 50, lamba amachoka pa kutalika kwake kufika kawiri, ndipo kusiyana kwa poyambira ndi pomalizira kumakhala kwakukulu. Ngati gawolo ndi la mita imodzi ndi theka, kuyenda komweko kumangowonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kulemera kumasintha pang'ono. Choncho pa masewera okoka, tengani lamba wokhuthala koma wautali, muime patali ndi pomwe mwakoleka, mumukunge musanayambe. Wowonda wofupikitsidwa ndi amene amabweretsa kugwedezeka kuja, ndiponso ndi amene amaduka.

Yang'aniraninso pobwerera. Lamba amafuna kubwerera msanga, ndipo anthu ambiri amangomulola kuwakokera manja. Potero amataya theka la ntchito, chifukwa minofu imalimbanso ikamabweza katundu pang'onopang'ono. Werengani mokweza masekondi awiri kapena atatu pobwerera. Nyimbo yothamanga kwambiri imaononga zimenezi, poti anthu amatsatira kugunda kwa nyimbo kuposa mawu anu.

Kuterereka, kupindika ndi kupulumuka

Lamba akamatuluka kunsi kwa phazi, nthawi zambiri wapondedwa ndi zala. Apondedwe pakati pa phazi, pomwe nsapato ili ndi kakhwawa, thupi likutsamira pamenepo. Chubu chimagubuduzika mosavuta kuposa lamba wafulati, makamaka pa matailosi onyowa ndi thukuta. Choopsa kwambiri ndi kukhala pansi miyendo itawongoka, lamba atakolekedwa kumapazi, n'kumakokera kumimba. Zala za kumapazi zikapendekera kwa munthuyo, lamba amakwera n'kudumpha molunjika kunkhope. Azungulize lamba kamodzi pakati pa phazi, zala zizipendekera kutsogolo pang'ono, ndipo manja azikokera cha pamchombo osati pakhosi.

Timalamba tating'ono tozungulira tikamapindika pantchafu, zifukwa zake n'zodziwika: n'towonda, tili pakhungu kapena pa chovala choterera, kapena munthu akuyandikiza miyendo mpaka kalamba kukhwefuka. Kayalidwe bwino pamwamba pa mawondo, osati pa bondo penipeni, ndipo kasakhwefuke mpaka seti ithe. Kwa anthu a ntchafu zazikulu kapena aubweya wambiri m'miyendo, musavutike ndi malangizo, apatseni malamba ansalu otambalala. Dziwaninso kuti kalamba komweko kakatsitsidwa kufika pa akakolo kapena kumapazi kamalemera kwambiri kuposa kali pamwamba pa mawondo, ndiye amene wakatsitsa pothawa kutsinidwa wadziwonjezera ntchito osadziwa.

Pokoleka pachitseko, imani kumbali imene mukakoka chitsekocho chikutsekeka, osati kutseguka. Kolekani cha kumahinjesi, khomani, ndipo ena adziwe kuti asatsegule. Chilichonse chimene chingasunthe, monga mpando, tebulo lopepuka kapena benchi yosakhomeredwa pansi, si pokolekapo. Musanalole gulu kuyamba, kokani nokha mwamphamvu kawiri katatu mutayang'ana kumbali.

Masewera a awiriawiri amasangalatsa gulu ndipo amathandiza pamene pokoleka palibe, koma apa chokolekera ndi munthu, ndipo munthu amatopa, amaseka, amatembenuka wina akamuitana. Lamulo likhale limodzi lomveka kwa onse: palibe wosiya lamba akadali wokungika. Seti ikatha, awiriwo ayandikirane mpaka lamba akhwefuke, kenaka asiye. Mukaimba wenzulo kapena kufuula kuti nthawi yakwana, manja a anthu amatseguka okha, choncho mawu anu omalizira akhale akuti yandikiranani. Phatikizani anthu ofanana msinkhu ndi mphamvu. Wogwirayo aime mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo, lamba ali cha m'chiuno.

Ululu umene suyenera kukhalapo

Kuphwanya kwa minofu kumene kumayamba tsiku lotsatira, n'kufika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, n'kwachibadwa kwa munthu amene wayamba kumene kapena wawonjezera ntchito. Ululu wobaya pamfundo nthawi imene akuchita masewera ndi nkhani ina, ndipo munthu asiye pomwepo.

Paphewa, kawirikawiri vuto ndi lomwe lija la lamba wolimba kumapeto. Pokweza manja m'mbali, lamba amafika polimba pamene dzanja lili kutali kwambiri ndi thupi, ndipo munthu amakweza mapewa kufika m'makutu kuti amalize. Mpatseni wofewa, aponde ndi phazi limodzi m'malo mwa awiri, ndipo alekezere pamsinkhu wa phewa. Ululu wa pamfundo ya dzanja umabwera dzanja likapindikira kumbuyo chifukwa cha kukokedwa, kapena lamba akakulungidwa kuzala mpaka kuchita dzanzi. Akulungidwe pachikhatho ali woyalika, dzanja likhale lowongoka ndi mkono. Mawondo akamalowa m'kati ponjuta ndi kalamba kozungulira, kalambako kaposa mphamvu ya minofu ya m'chiuno, ndiye tsikirani pa kofewa.

Mutu ukamawawa kapena munthu akamachita chizungulire pomaliza seti, onani ngati sakugwira mpweya. Kubanika pokoka mwamphamvu kumakweza kuthamanga kwa magazi kwa kanthawi, zomwe n'zosafunika makamaka kwa amene ali kale ndi BP yokwera. Atulutse mpweya pokoka, apume pobwerera. Kuwerenga mokweza limodzi ndi gulu kumathetsa vutoli popanda kufotokoza zambiri, chifukwa munthu sangalankhule atagwira mpweya. Kupweteka pachifuwa, kubanika kosazolowereka kapena kukomoka n'kwa kuchipatala mwamsanga.

Kuyabwa ndi zidzolo pomwe lamba wakhudza, kuyetsemula kapena maso kulengeza misozi, zingakhale chizindikiro chakuti thupi la munthuyo limadana ndi latex. Izi zimapezeka kwambiri mwa ogwira ntchito zachipatala amene avala magolovesi a latex kwa zaka zambiri, ndi mwa anthu amene anachitidwa maopaleshoni ambiri. Milomo kapena nkhope ikatupa, kapena kupuma kukavuta, muthamangire naye kuchipatala. Funsani aliyense watsopano za vutoli asanagwire lamba, ndipo sungani malamba angapo opanda latex, monga a TPE, mtundu wa pulasitiki wotamuka, m'chikwama chawochawo. Ansalu musawadalire musanawerenge zolembedwa pa paketi, chifukwa ambiri ali ndi timaulusi ta latex m'kati.

Anthu akasiya kupita patsogolo

Funso lakuti malamba amalimbitsadi thupi lili ndi yankho. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 m'magazini ya SAGE Open Medicine, amene anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wina wosiyanasiyana, anapeza kuti mphamvu zimene anthu anapeza pogwiritsa ntchito malamba zinali zofanana ndi za ogwiritsa ntchito zitsulo ndi makina. Malangizo a World Health Organization a 2020 amati akuluakulu azichita masewera olimbitsa minofu ikuluikulu yonse masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, ndipo sanena kuti ndi chida chanji. Gulu likaima pamodzimodzi, vuto kawirikawiri limakhala lakuti ntchito sikuwonjezeka, ndipo palibe amene akudziwa chifukwa palibe choyezera.

Wonyamula zitsulo amadziwa kuti mwezi watha anali pa makilogalamu 10 ndipo lero ali pa 12. Wa lamba amangodziwa mtundu. Lero waima pafupi, mawa patali, mkuja wagwira pena, ndipo iye akuganiza kuti akuchita zofanana. Choipa kwambiri n'chakuti lamba akamafewa ndi ukalamba, masewera amapepuka, munthu n'kumasangalala kuti walimba. Zimenezi zimaululika tsiku limene malamba atsopano afika, gulu lonse n'kudandaula kuti mwagula olimba kwambiri.

Pangani choyezera. Matani tepi pansi mizere itatu kapena inayi, yotalikirana masentimita 30 kuchokera pokolekera, kuti munthu azidziwa mzere umene amaimapo. Pa masewera opondera lamba, kutalikirana kwa mapazi ndi pamene dzanja lagwira zikhale zodziwika. Aliyense alembe zinthu zitatu pa masewera ake akuluakulu: lamba uti, mzere uti, maulendo angati. Akafika maulendo 15 mosavuta pa maseti onse, asunthire mzere wotsatira n'kubwerera pa 10. Mizere ikatha, kapena kutamuka kukayandikira katatu, asinthe lamba n'kubwerera pa mzere woyamba. Ngati kudumpha kuchoka pa lamba wina kupita pa wotsatira n'kwakukulu, aphatikize wakale uja ndi wina wowonda, popeza mphamvu za malamba awiri ogwiridwa limodzi zimaphatikizana. Kuima masekondi awiri pamene lamba walimba kwambiri ndi njira inanso yowonjezera ntchito popanda kusintha chida.

Chenjerani ndi kupinda lamba pawiri. Anthu amaganiza kuti kulemera kungowirikiza kawiri, koma popinda mwachulukitsa zingwe komanso mwadula kutalika ndi theka, ndiye kukoka mtunda womwe uja kumalemera koposa kawiri, ndipo malire a katatu aja amafika msanga.

Miyendo ndi imene imayamba kuposa malamba. Munthu amene wachita masewera kwa miyezi ingapo amapeza kuti lamba wokwanira kutopetsa ntchafu zake ndi wolimba moti manja ndi mapewa sangamugwire. Musamuwonjezere maulendo mpaka 40, chifukwa pamenepo akuphunzitsa thupi kupirira kuposa kulimba. Msamutsireni ku masewera a mwendo umodzi: kunjuta mwendo wina uli kutsogolo wina kumbuyo, kukwera pa sitepe, kapena kuwerama ataima ndi mwendo umodzi lamba ali kunsi kwa phazi. Katundu yemwe uja akagwera mwendo umodzi, lamba wapakatikati amakwanira. Amene wapitirira ngakhale pamenepo, makamaka pa masewera onyamula kuchokera pansi, wafika pofunika zitsulo, ndipo ndi bwino kumuuza zoona n'kusiya malamba kuti azimuthandiza pa mapewa, msana ndi potenthetsa thupi.